Woponya baseball amene anavulala maulendo 6 asanafike zaka 25

Mnyamata amene ndikufotokoza pano anafika kwa ine ali ndi zaka 21, patangotha masabata atatu chichitireni opaleshoni ya chigongono chakumanja. Ine ndine wa mafizo, ndipo ambiri amene ndimawathandiza ndi osewera baseball a m'maligi aang'ono ku United States, anyamata amene akulimbikira kuti tsiku lina akafike ku Major League, ligi yaikulu kuposa onse. Ndinakhala naye zaka zinayi. Anali atavulala kale katatu ndisanamudziwe, osawerengera za ali mwana, anavulalanso katatu ali m'manja mwanga, ndipo anasiya kuponya ali ndi zaka 25. Wandilola kulemba za thupi lake bola ndisatchule dzina lake kapena timu yake. Chimene chandilembetsa n'chakuti aliyense wa ife amene tinamugwira anachiza bwino chiwalo chimene chinkapweteka tsiku limenelo, koma mnyamatayo ntchito inamuthera ndithu, ndipo zina mwa zimene zinamuwononga zinadutsa pamaso panga ine ndikuona.

Zimene mkono wa woponya umakumana nazo

Kwa amene sanaonerepo masewerawa, woponya amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponyera womenya amene waima ndi ndodo pa mtunda wa mamita 18.44. Mpirawo ndi wopepuka, sufika n'komwe magalamu 150. Mkono umawonongeka ndi liwiro komanso kubwerezabwereza. Woponya woyamba m'masewera amatha kuponya ka 90 kapena ka 100 usiku umodzi, osawerengera zoponya potenthetsa thupi, ndipo pakangopita masiku ochepa amakweranso pa kachulu paja.

Mkono ukabwerera kumbuyo kotheratu, dzanja limatsalira pamene thupi layamba kale kupita kutsogolo. Nthawi imeneyo mbali yamkati ya chigongono imakokedwa ngati ikufuna kutseguka. Pamalopo pali kamtsempha kolumikiza fupa la mkono wakumtunda ndi fupa la ulna la mkono wakumunsi, kotchedwa ulnar collateral ligament, mwachidule UCL. Mu 1995 akatswiri a American Sports Medicine Institute ku Birmingham, Alabama, pakati pawo Glenn Fleisig ndi James Andrews, anapeza kuti mphamvu yopotokola chigongono pa nthawiyi imafika pafupifupi ma newton-mita 64 (muyezo wa mphamvu yopotokola). Kamtsemphako kakayesedwa pakokha m'labotale kamaduka pa mphamvu yokwana pafupifupi theka la pamenepo. Kamapulumuka chifukwa minofu ya kumunsi kwa chigongono, imene imapinda dzanja ndi kulitembenuza, imalandirako katundu. Minofuyo ikatopa, katunduyo amatsalira kamtsempha kaja.

Mbiri yake ndisanamudziwe

Mbiri yathunthu ndinaimva mochedwa, pang'onopang'ono, ndipo zambiri anandiuza ndi bambo ake. Anayamba kuponya ali ndi zaka 9. Anakulira ku chigawo chotentha kumene baseball imaseweredwa chaka chonse, ndipo pofika zaka 14 ankasewerera matimu atatu: yakusukulu, ya m'dera, ndi ina yoyendayenda m'mipikisano ya kumapeto kwa sabata. Kochi aliyense ankawerenga zoponya za timu yake yokha. Tsiku limene sakuponya ankamuika kumbuyo kwa womenya ngati wowakha mpira, ntchito imene imafunanso kuponya kambirimbiri. Ali ndi zaka 13 chigongono chinatupa mbali yamkati, anapuma masabata awiri, n'kubwerera. Palibe anamujambula. Chithunzi cha X-ray chimene anajambulidwa asanachitidwe opaleshoni chinaonetsa kachidutswa ka fupa kakale pa mfundo yamkati ya chigongono, pamene fupa la mwana limakulira. Chilonda cha zaka 13 chija chinali chikadali pompo.

Zimenezi zinali zodziwika kale kuti n'zoopsa. Kafukufuku wa gulu la ku Birmingham lomwe lija, amene anatsatira ana oponya kwa zaka 10 n'kutuluka mu 2011, anapeza kuti mwana woponya ma inning (zigawo za masewera) opitirira 100 pa chaka amavulala kwambiri kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi anzake. Little League, bungwe la baseball ya ana, inayamba kuwerenga zoponya mu 2007, ndipo mu 2014 Major League Baseball ndi USA Baseball anatulutsa malangizo a Pitch Smart, amene amati mwana apume ku mipikisano yoponya miyezi inayi pa chaka, asamasewerere matimu angapo nthawi imodzi, ndiponso asamaphatikize kuponya ndi kuwakha. Mnyamatayu sanapumepo mwezi wathunthu kuyambira zaka 11 mpaka 18. Bambo ake sindiwaimba mlandu. Ankagwira ntchito ziwiri kuti alipire maulendo, ndipo aliyense wowazungulira ankawauza kuti mwana akapuma, ofufuza osewera aona wina.

Anasainidwa ali ndi zaka 18 atangomaliza sekondale, akuponya mamailosi 94 pa ola. Ali ndi zaka 19 anathinitsa minofu ya kumunsi kwa chigongono, napuma masabata 6. Chaka chotsatira MRI, chithunzi cha m'kati mwa thupi, inaonetsa kuti UCL yang'ambika pang'ono. Anamubaya jakisoni wa PRP, wopangidwa kuchokera ku magazi ake omwe, napuma miyezi itatu. Anabwerera akuponya mamailosi 97, aliyense anasangalala. Sizoni yotsatira, mu inning yachinayi ya masewera ena, anamva kanthu kaduka m'chigongono, mpira n'kugwera patsogolo pa womenya. MRI inatsimikiza kuti mtsempha waduka wonse.

Opaleshoni imene anachitidwa ndi ija imadziwika ndi dzina la Tommy John, woponya wa Los Angeles Dodgers amene dokotala Frank Jobe anamuchita koyamba mu 1974. Dokotala amatenga mtsempha kwina, kawirikawiri wa palmaris longus wa pamkono, n'kuulowetsa m'timabowo toboola m'mafupa awiri aja kuti ulowe m'malo mwa woduka uja. Tommy John anabwerera mu 1976 n'kusewera mpaka 1989, ndipo masewera 164 mwa 288 amene anapambana anawapambana atachitidwa kale opaleshoni. Nkhani imeneyi imapatsa anthu chiyembekezo, komanso imasocheretsa. Tsiku loyamba bambo a mnyamatayu anandifunsa kuti, "Adokotala, paja akuti akachira aziponya mwamphamvu kuposa kale, eti?" Ndinawauza kuti ayi. Mtsempha watsopano suwonjezera liwiro. Ena amaoneka ngati awonjezera chifukwa asanachitidwe opaleshoni ankaponya ndi mkono wodwala, komanso chifukwa chaka chathunthu cha mafizo chimalimbitsa thupi lonse.

Zimene ndinapeza pomuyeza

Chigongono chinali bwino monga mmene chimayenera kukhalira pa sabata yachitatu. Chimene chinandidetsa nkhawa chinali kwina. Liwiro la mpira limayambira pansi: mwendo wakumbuyo umakankha, wakutsogolo umaponda n'kulimba, chiuno chimazungulira pamwamba pa mwendo umenewo, kenako chifuwa, kenako phewa, ndipo mkono umabwera pomaliza. Pakafooka penapake m'munsimu, mkono umadzipezera wokha liwiro limene latayikalo.

Kwa iyeyu, polumikizira ntchafu yakumanzere ndi chiuno, womwe ndi mwendo wake woponda kutsogolo, panali pouma. Ntchafuyo inkazungulira mkati madigiri 20 okha pomwe yakumanja inkafika 35. Akaima ndi mwendo umodzi n'kunjuta, bondo linkagwera mkati, thupi n'kupendekera mbali. Paphewa ndinayeza kuzungulira kwa kunja ndi kwa mkati n'kuphatikiza. Kwa oponya n'zachizolowezi kuti phewa loponyera lizizungulira kwambiri kunja n'kuchepa mkati, koma ukaphatikiza ziwirizo, mapewa onse ayenera kufanana, kusiyana kusapitirire madigiri 5. Lake lakumanja linkaperewera madigiri 12. Nditaonera mavidiyo ake akale, zonse zinagwirizana: phazi likaponda, chiuno chinkaima msanga, chifuwa chinkatseguka nthawi isanakwane, ndipo mkono unkatsalira kumbuyo n'kukwapula mochedwa.

Ndinalemba zonsezi m'faelo yake mwezi woyamba. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake sindinganene kuti sindinkadziwa.

Mafizo ndi kubwerera koyamba

Miyezi inayi yoyamba inayenda bwino. Chigongono chinawongoka pa nthawi yake, tinalimbitsa minofu ya phewa ndi ya pafupa lakumbuyo kwa phewa ndi masewera olimbitsa mkono wa oponya otchedwa Thrower's Ten, ndipo tsiku lililonse tinkagwira chiuno. Mwezi wachisanu anayamba kuponya pansi posalala, kuyambira mamita 14, kenako 18, 27, mpaka 37. Mnyamatayu anali wakhama kuposa onse amene ndinagwirapo. Ankafika ine ndisanatsegule chitseko.

Pa mwezi wa 9, pamene ndondomeko inkati akwere pa kachulu, ndinamuyezanso. Ntchafu inali itafika madigiri 25. Phewa linkapereweabe madigiri 9. Malire amene ndinadziikira ndekha anali asanakwane. Koma chigongono sichinkapweteka, dokotala wa opaleshoni anali wokhutira ndi mtsempha, ndipo akuluakulu a timu ankafuna kuti aponye m'masewera enieni sizoni isanathe. Ndinasaina kuti akwere, ndikudziuza kuti chiunocho tidzapitiriza kuchigwira ali m'kati mosewera. Uku kunali kulakwitsa kwanga koyamba. Wosewera akangobwerera m'timu, amayenda pa basi usiku wonse, amagona m'mahotela, ndipo mphindi 40 za chiuno tsiku lililonse zimasanduka mphindi 10 kawiri pa sabata.

Panalinso china chimene panthawiyo sindinachiganizire mokwanira. Malamulo a baseball amati wosewera amene anasainidwa ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo, ikatha sizoni yake yachisanu, timu iyenera kumuika pa mndandanda wa osewera 40 otetezedwa, apo ayi timu ina ikhoza kumutenga pa Rule 5 draft, nthawi imene matimu amasankha osewera osatetezedwa a matimu ena. Kulowa pa mndandandawo kumabweretsa malipiro okwera, ndipo kumasonyeza kuti timu ikumuwerengera. Sizoni imene ankabwererayo inali yachisanu. Anali ndi masabata ochepa oti aonetse kuti akadali yemwe uja.

Anaponya m'masewera enieni pa mwezi wa 14. Pa masewera achisanu anamva ngati wabayidwa ndi mpeni m'nthiti zakumanzere. Unali mnofu wa oblique, umene umazunguliza chifuwa, utang'ambika pamene umagwira nthiti. Kwa oponya, mnofu umenewu umavulala kawirikawiri mbali yosiyana ndi mkono woponyera, ndipo kwa iyeyu chifukwa chake chinali choonekeratu: chiuno chikaima msanga, mimba ndi imene imakoka thupi kuti limalize kuzungulira. Anapuma masabata 7, sizoni n'kutha. Timu sinamuike pa mndandanda uja, ndipo palibe timu ina imene inamutenga.

Lipoti la kuvulala kumeneku linati ndi vuto latsopano, losakhudzana ndi chigongono. Pa pepala zinali zoona.

Zimene sankanena

M'mawa uliwonse osewera ankalemba pa foni mmene mkono ukupwetekera, kuyambira 0 mpaka 10. Iye ankalemba 0 kapena 1 nthawi zonse. Sizoni yotsatira, ali ndi zaka 23, anakwera kufika ku Double-A, ligi imene ili masitepe awiri pansi pa Major League, ndipo miyezi iwiri yoyamba anaponya bwino kwambiri moti nkhani ya mndandanda uja inayambanso kumveka. Kenako liwiro linatsika ndi mamailosi awiri, mipira inayamba kuthawira m'mwamba mbali ya dzanja lake, ndipo makina oyeza anaonetsa kuti malo amene amasiyira mpira atsika pang'ono. Zizindikiro zitatuzi ndimazidziwa. Ndinamuimbira foni n'kumufunsa, iye anati, "Ndili bwinobwino adokotala, ndi kutopa kwa ulendo basi." Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkamukonda ndipo ndinkafuna kuti zikhale zoona. Uku kunali kulakwitsa kwachiwiri.

Patapita masabata awiri anang'amba latissimus dorsi, mnofu waukulu wa kumsana umene umakathera kukhwapa, pamodzi ndi teres major woyandikana nawo. Sanafunike opaleshoni, koma anakhala miyezi inayi asanaponyenso mwamphamvu. Atabwerera kwa ine, tsiku lina titatsala awiri, anandiuza zoona. Kukhwapa kunayamba kuthina mwezi wathunthu asanavulale. Ankamwa mapiritsi opha ululu asanalowe m'bwalo, ndipo ankagula yekha kuti asalembedwe. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, bwanji sunandiuze?" Anayankha kuti, "Adokotala, chilichonse chimene ndakuuzani inu chimafika kwa mabwana. Mnzanga analemba 4 tsiku limodzi, anamuchotsa pa masewera awiri, malo ake anatenga wina, ndipo mpaka lero sanabwerere."

Sindinathe kumutsutsa. Wa mafizo wolembedwa ndi timu amatumikira anthu awiri, ndipo wosewera amadziwa amene amalipira. Mnyamata amene wavulala kanayi amakhala ndi dzina loti ndi wosweka, ndipo amadziwa kuti kudandaula kwachisanu kungakhale komaliza. Ndiye amabisa kuthina kumene kukanatha ndi masiku 10 opuma, mpaka kumasanduka kung'ambika kwa miyezi inayi, ndipo dzina lija limakula.

Ankakonda kutchula Stephen Strasburg, amene anachitidwa opaleshoni ya Tommy John mu 2010, chaka chomwe anayamba kusewera ku Major League, n'kudzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Series ya 2019, mpikisano womaliza wa Major League. Ine m'mutu mwanga munkabwera Mark Prior wa Chicago Cubs, amene anapambana masewera 18 mu 2003 koma anaponya komaliza ku Major League mu 2006 ali ndi zaka 25, n'kukhala zaka zina zambiri akuyesa kubwerera mpaka anasiya mu 2013. Sindinamuuze. Strasburg anali wosankhidwa woyamba pa draft ya osewera atsopano ya 2009, ndipo Washington Nationals inamuimitsa kuponya mu September 2012 pofuna kuteteza mkono wake ngakhale timuyo inkapita ku mipikisano yomaliza. Mnyamata wa ku Double-A amene salinso pa mndandanda wa odalirika sapatsidwa chipiriro chotere.

Ulendo uno ndinakana kusaina mpaka malire atakwana. Tinatenga miyezi 6. Ntchafu inafika madigiri 32, kuperewera kwa phewa kunatsika kufika pa 4, ndipo tinagwirizana ndi kochi wa oponya kufupikitsa pang'ono phazi lake kuti chiuno chizimaliza kuzungulira. Tinapangananso kuti akandiuza za kuthina, tiziyamba takambirana awiri ndisanalembe lipoti, pokhapokha ngati ndaona choopsa. Anayamba kulemba 2 ndi 3. Ndinasangalala ndi manambala amenewo kuposa ma 0 onse aja.

Chigongono kachiwiri

Ali ndi zaka 24 anaponya miyezi itatu osavulala, nthawi yaitali kuposa ina iliyonse chichokereni ku opaleshoni. Liwiro linakhazikika pa mamailosi 92 mpaka 93. Kwa ine limeneli linali liwiro limene thupi lake likanatha kusenza. Kwa timu linali liwiro la woponya wamba wakumanja, ndipo otere alipo ambiri. Anamuchotsa pa oyambitsa masewera n'kumuika pa olowa m'kati, amene amaponya inning imodzi ndi mphamvu zonse, nthawi zina masiku awiri otsatizana. Iye anamva uthengawo. Anayamba kukakamiza kuti afikenso pa 96, ndipo mavidiyo anaonetsa kuti kaponyedwe kakale kabwerera.

Ulendo uno anandiuza msanga. Anati chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zikuchita dzanzi akamaliza kuponya, ndipo mkati mwa chigongono mukupweteka mkono ukabwerera kumbuyo. Ndinamuyeza pokankhira chigongono mkati ndikuchipinda ndi kuchiwongola, ndipo ululu unabuka pakati pa madigiri 70 ndi 120, malo amene amaloza UCL. Ndikagogoda pamtsempha wa ulnar nerve, umene umachititsa zala ziwirizo kumva, kumbuyo kwa mfundo yamkati, dzanzi linkathamangira ku zala ziwiri zija. MRI yokhala ndi mankhwala obayira m'mfundo inaonetsa kuti mtsempha woikidwa uja wang'ambika kwambiri pamene umagwira fupa la ulna, ndipo makina ena ojambulira a ultrasound anaonetsa kuti mfundo ikutseguka kuposa yakumanzere ikakankhidwa.

Kodi zikanapeweka? Sindinganene kuti chiuno chikanakhala bwino pa mwezi wa 9 uja mtsemphawu ukanakhalitsa. Chigongono chimene chakhala chikukokedwa kuyambira zaka 9 chimakhala ndi malire ake, ndipo woponya aliyense wamphamvu amasewera pafupi ndi malirewo. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi iwiri ina ya mafizo pa nthawi imene ija ikanamutayitsa mapeto a sizoni imodzi, pomwe kuvulala kwa nthiti ndi kwa msana kunamutayitsa pafupifupi chaka, kunamuchotsera chikhulupiriro cha timu, n'kumukankhira pa ntchito imene inkafuna liwiro limene mkono wake sukanapirira. Mtsempha watsopanowo unagwira ntchito zaka ziwiri zoyamba pansi pa kaponyedwe komwe kanadula woyamba uja.

Chisankho chake

Dokotala wa opaleshoni anamufotokozera momveka. Opaleshoni yachiwiri ya UCL ndi yotheka, koma mafupa amakhala ataboolabooledwa kale, kuchira kumatenga nthawi yaitali, kawirikawiri chaka ndi theka kapena kuposerapo, ndipo amene amabwerera pa mlingo wawo wakale ndi ochepa poyerekeza ndi ochitidwa koyamba. Njira yatsopano yosoka mtsempha n'kuulimbitsa ndi kalamba, imene Jeffrey Dugas anayamba kugwiritsa ntchito ku Birmingham, imafuna kuti mtsemphawo ukhale udakali wabwino, ndipo dokotala anaona kuti wake sunali wotero. Sizoni itatha, timu inathetsa kontirakiti yake.

Tinakhala pansi atatu, iye, bambo ake ndi ine. Bambowo ankafuna ayesenso. Anati, "Mwana wanga, tafika patali, usagwe mphwayi pano." Mnyamatayo anawerenga zaka pamaso pathu: akachitidwa opaleshoni ali ndi zaka 25, adzaponyanso ali ndi 27, wopanda timu, akuyambira m'maligi oima paokha. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Adokotala, mukanakhala inu?" Ndinamuuza kuti chisankho n'chake, koma popeza wafunsa, ndimuuza zimene ndikuona: mkono wake ukhoza kumutumikira bwino moyo wonse popanda UCL yatsopano ngati saponyanso mwamphamvu, koma dzanzi la zala lisazengerezedwe, chifukwa minofu ing'onoing'ono ya m'dzanja inali itayamba kufooka. Bambo ake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati sanadziwe kuti mwana wawo ankalephera kumanga mabatani a malaya m'mawa wotsatira masewera.

Anasankha opaleshoni yaing'ono yosuntha ulnar nerve kuchoka kumbuyo kwa mfundo kupita kutsogolo kwake, UCL n'kuisiya mmene ilili. Dzanzi linatha patapita miyezi itatu. Nditamuyeza komaliza, chigongono chinkaperewera madigiri 8 kuti chiwongoke kotheratu, mphamvu yofinya ya dzanja lamanja inali itafanana ndi ya lamanzere, ndipo sankamva ululu ponyamula katundu kapena pogona. Amatha kuponya mopepuka pa mamita 20. Wabwerera kusukulu, ndipo madzulo amathandiza timu ya ana a zaka 11 ndi 12, kumene amafunsa kholo lililonse kuti mwana akusewerera matimu angati komanso waponya kangati sabata imeneyo.

Kuchokera pa iyeyu ndinasintha zinthu ziwiri pa ntchito yanga. Malire a chiuno ndi phewa ndimawalemba mwezi woyamba n'kuwasainitsa kwa dokotala ndi kwa akuluakulu a timu, kuti pa mwezi wa 9 pasakhale kukambirananso. Ndipo wosewera aliyense watsopano ndimamuuza tsiku loyamba zimene ndimayenera kukanena kwa timu ndi zimene zingathere pakati pa awirife. Iye ndidzamuonanso pakatha miyezi 6 kuti ndiyeze mphamvu ya zala ziwiri zija.